Purosesi Imene Inatsala pa Seva

Lolemba m'mawa Mzime anakwera masitepe a ku ofesi ngati munthu wopita kukazulitsa dzino. Pa 2 koloko masana ankayenera kukakhala pamaso pa amanejala n'kufotokoza chifukwa chimene anafufutira zotsatira za magazi za odwala a zipatala zitatu. Akalephera kufotokoza, ntchito inali itatha, ndipo m'ntchito ya makompyuta mbiri ya munthu wofufuta mafayilo a odwala imakafika kulikonse mwini wake asanafike. Chowawa chinali chakuti iye sanafufute kanthu.

Kampaniyo inali yaing'ono, zipinda zitatu pamwamba pa sitolo ya matayala, moti tsiku lonse munkamveka fungo la labala ndi phokoso la pampu. Ntchito yawo inali yosungira zipatala zing'onozing'ono zotsatira za odwala pa kompyuta imodzi yaikulu yotchedwa seva, imene inkakhala m'kachipinda kozizira kumapeto kwa khonde. Panalinso makina ena osunga makope, koma amenewo anali atafa miyezi iwiri yapitayo, aliyense akungoti tikonza mawa. Mawa lakelo linakwana Lachisanu cha m'ma 3 koloko, pamene mafayilo a miyezi iwiri anazimiririka, ndipo kaundula wa seva anasonyeza kuti wafufuta ndi akaunti ya Mzime.

Dzina la Mzime linali la kunyumba, poti anali womaliza kubadwa. Amene analibweretsa ku ofesi ndi alamu ake, amuna a mkulu wake, omwe anali katswiri wamkulu pakampanipo. Ndi iwo anamupezera ntchito, ndi iwo anamuphunzitsa, ndipo m'nyumba mwawo ndi mmene ankakhala chimalizireni sukulu zaka zinayi zapitazo. Ankawakonda ngati bambo ake omubereka. Zonse zimene ankadziwa za m'mimba mwa kompyuta anazimvera patebulo lodyera, ana akukangana za labala wofufutira mbali inayo.

"Pulogalamu ikangokhala pa disiki ndi chinthu chogona," ankatero alamuwo, akugogoda tebulo ndi supuni. "Ukaiyendetsa ndiye imadzuka, imakhala purosesi, n'kupatsidwa nambala yake. Koma purosesi ilibe manja, mlamu. Singatsegule fayilo yokha, singalembe, singafufute. Chilichonse imachita kupempha kwa kenelo, yomwe ndi mwini nyumba wa makina onse. Mapempho amenewo ndiye masisitemu kolo. Pulogalamu ikhoza kukunamiza pa sikirini, koma zimene yapempha kwa kenelo ndi zimene yachitadi."

Anali mphunzitsi wabwino, tisawanamizire. Chilema chawo chinali kupupuluma. Anali munthu wotsegula mayikulowevu nthawi isanathe, woimba hutala roboti isanasinthe.

Loweruka lonse Mzime analira m'chipinda mwake. Mkulu wake anamubweretsera tiyi kawiri, n'kukhala m'mphepete mwa bedi akumusisita msana. Lamlungu atabwera kutchalitchi alamu anamuitana pakhonde n'kumulankhula mofatsa. Anati aliyense amalakwitsa, mwina chala chinangotsetsereka iye osazindikira, ndipo chanzeru n'kuvomera. Amanejala ndi mayi wa mtima wabwino, akavomera adzamulembera kalata yabwino yoti akapezere ntchito kwina. Mzime atanena kuti sangavomere chimene sanachite, iwo anapukusa mutu mwachisoni n'kuti, "Ine ndikukukhulupirira, mlamu. Koma makina ndiye sakukukhulupirira."

Tsono Lolemba limenelo amanejala anaima pakhomo pa chipinda cha akatswiri, magalasi ali pamphumi. Anauza Mzime kuti alembe lipoti lake lisanakwane ola la msonkhano, ndipo akaunti yake itsekedwa pa 12 koloko. Nthawi yomweyo seva izimitsidwa n'kuyatsidwanso.

"Alamu akowa akuti tiyambire poyera," anatero amanejala. Alamu anagwedeza mutu kuseri kwa sikirini yawo, maso ali pa ntchito.

Mzime anakhala pansi n'kuyamba lipoti. Analemba dzina lake, analemba tsiku, kenako anasowa cholemba. Pofuna kuti pepala lisaoneke loyera, anaganiza zolembamo kuti pa seva palibe chilichonse chimene iye akuyendetsa. Koma poti anaphunzitsidwa kusalemba chinthu asanachione, anafunsa seva kuti imusonyeze mapurosesi onse oyenda m'dzina lake.

Anatuluka atatu. Awiri anawadziwa, anali a zenera lomwe anali atatsegula kumene. Yachitatu inali yachilendo. Nambala yake inali 4127, inayamba Lachisanu 8 minitsi itapitirira 3 koloko, ndipo kholo lake linali nambala wani.

Purosesi iliyonse imabadwa kuchokera kwa inzake. Kholo limapempha kenelo ndi pempho lotchedwa fork, ndipo kenelo imapanga mwana wofanana nalo, wonyamula zonse zimene khololo linali nazo. Kholo likafa mwana akadali moyo, kenelo imamupereka kwa purosesi nambala wani kuti imusunge. Ndiye kuti Lachisanu, pa ola lenilenilo la tsoka, wina anayendetsa pulogalamu m'dzina la Mzime, pulogalamuyo inabereka mwana, kholo linafa, mwana anatsala.

Anatsegula strace, kachida komvetsera zimene purosesi ikupempha kwa kenelo, n'kukaloza pa 4127. Panatuluka mzere umodzi wokha, wosamalizidwa: read. Purosesiyo inali itapempha kuwerenga yankho kuchokera ku makina a makope aja, makina akufa, ndipo kenelo inaigoneka kuti idikire. Inali ikudikira chidikirire kuyambira Lachisanu, masiku atatu, yankho loti silidzabwera.

Mzime anayang'ana mafayilo amene purosesiyo inagwira. Inali itagwira fayilo imodzi ya lipoti, ndipo pambali pa dzina lake panali chizindikiro chakuti inafufutidwa. Apa m'pamene wofufutayo anaphonya. Munthu ukafufuta fayilo, kenelo imangochotsa dzina pa mndandanda. Ngati pali purosesi imene yaigwira, za m'kati mwake zimakhalabe mpaka purosesiyo itaisiya kapena itafa. Ndipo popeza purosesiyi inkayenda m'dzina la Mzime, kenelo inkaiona ngati yake, inamutsegulira fayiloyo osafunsa kawiri.

Munali zonse. Mzere woyamba unali lamulo loyeretsa disiki, lolozedwa pamalo olakwika, pa mafayilo enieni a odwala m'malo mwa oyeserera. Pansi pake panali mndandanda wa mafayilo ofufutidwa, wautali ngati wa maliro a ngozi ya basi, ndipo unadukira pakati, kusonyeza kuti wina anazindikira n'kupha kholo mwadzidzidzi.

Panatsala chinthu chimodzi. Mwana amatengera kwa kholo kachikwama ka mfundo za malo amene anabadwira, ndipo munthu waudindo akabwereka akaunti ya mnzake, dzina lake lenileni limalembedwa mmenemo. Mzime anatsegula kachikwamako. Anawerenga, anatseka maso, anawerenganso. Linali dzina la akaunti ya alamu ake.

Sanakwiye poyamba, anachita manyazi, ngati kuti walowa m'bafa osagogoda. Alamu anali pomwepo, matebulo awiri kuchokera pa iye, akumwa tiyi m'kapu imene iye mwini anawagulira pa tsiku lawo lobadwa. Anatulutsa foni n'kujambula sikirini katatu. Wotchi inkati 20 minitsi itapitirira 11.

Munthu wanzeru akanadzuka pomwepo, n'kukakoka amanejala pa dzanja kuti adzaone ndi maso awo purosesi ikadali moyo. Chithunzi cha pafoni ndi zilembo chabe pa sikirini yakuda, aliyense akhoza kuzilemba. Mboni yeniyeni inali 4127, ndipo inali ndi mphindi makumi anayi zokhala ndi moyo. Mzime ankadziwa zonsezi. Koma chibale ndi fupa, ndipo iye anaona kuti si ulemu kuyalutsa munthu amene wakudyetsa zaka zinayi usanamve mbali yake. Anapita pa tebulo lawo n'kunena chapansipansi kuti akufuna kulankhula nawo panja.

Anaima pa masitepe, pamene phokoso la pampu linkabisa mawu.

"Alamu, 4127 mukuidziwa?"

"Chiyani chimenecho?"

"Mwana wa pulogalamu yanu yoyeretsa disiki. Akadali moyo. Wagwira lipoti limene munafufuta, ndipo dzina lanu lilimo."

Nkhope ya alamu inagwa. Anatsamira khoma, n'kupukuta kukamwa ndi dzanja.

"Ndinapha kholo ndi naini," anatero ngati akudzilankhulira okha. "Ndinaiwala kuti limabereka."

Naini ndi chizindikiro chophera purosesi pompopompo, osaipatsa mpata wotsazika kapena wosonkhanitsa ana ake. Iwo omwe ankamuletsa kuchigwiritsa ntchito mwachisawawa.

Kenako mawu anayamba kutuluka ngati madzi a paipi yophulika. Disiki inali itadzaza, zipatala zikuimba foni. Kiyi yolowera kosungira mafayilo inali pa akaunti ya Mzime, ndiye m'malo modzuka kukamupempha, anangobwereka akauntiyo ndi mphamvu zawo za udindo, ntchito ya mphindi ziwiri. Analemba malo molakwika. Ataona mayina a odwala akudutsa pa sikirini, anapha pulogalamu, anafufuta lipoti, anachotsa mizere yawo m'buku la olowa. Pamene amanejala ankafunsa kuti akaunti iyi ndi ya ndani, iwo anali atatsegula kale pakamwa kuti avomere, koma mawu anakana.

"Anakana Lachisanu," anatero Mzime. "Nanga Loweruka? Nanga Lamlungu, pamene munkandiuza kuti chala changa chinatsetsereka?"

"Mlamu, ine ndili ndi zaka makumi asanu. Akandichotsa pano ndi mbiri imeneyi, andilemba ndani? Anawa ndiwauza chiyani?"

"Ndiye ine andilemba ndani?"

"Iwe ndiwe mwana, uli ndi mutu wakuthwa. Chaka chimodzi anthu aiwala."

"Pitani mukawauze nokha amanejala. Ndikukupatsani ulemu umenewo. Mukapanda kutero, ndiwaitana adzaone."

Alamu anayang'ana pansi. Podzutsa mutu, maso anali atafiira.

"Chabwino," anatero. "Wanena zoona. Koma chinthu chimodzi chokha, mlamu. Waimbire asisi ako kaye. Asamve kwa anthu. Uwauze ndi pakamwa pako, ine sindingathe. Ndikupita kukasamba kumaso, kenako tilowe limodzi."

Mzime anamva chifundo, chifundo chenicheni, mpaka anawagwira pa phewa. Iwo anakwera masitepe pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Iye anatsika masitepe awiri, anakhala pansi n'kuimba foni.

Mkulu wake anayankha kulira koyamba, ngati munthu amene foni inali kale m'manja.

"Asisi, khalani pansi. Ndapeza amene anafufuta mafayilo aja."

Kumbali inayo kunkangomveka wailesi patali ndi madzi akuthira mu sinki.

"Asisi, mukundimva? Ndi alamu."

"Ndikudziwa, Mzime."

"Mukudziwa chiyani?"

"Anandiuza Lachisanu lomwelo atangofika. Sanadye."

Mzime anayang'ana khoma la masitepe, pamene wina analembapo nambala ya foni ndi makala. Anaiwerenga nambalayo mpaka kumapeto, osadziwa chifukwa chake.

"Ndiye Loweruka, pamene munkandisisita msana, munkadziwa?"

"Ukanafuna nditani? Khoswe wakhala pamkhate, mng'ono wanga. Uku mwamuna, uku iwe. Ndinalira inenso, sunandione chabe."

"Munandibweretsera tiyi."

"Mzime, tamvera. Iwe ulibe mwana, ulibe banja, ukagona ndi njala ugona wekha. Ife tili anthu asanu pa ntchito imeneyo, iwe wachisanu ndi chimodzi. Takusunga zaka zinayi, sitinakuwerengerepo kanthu. Lero lokha, tisenzereko. Ukhala pakhomo mpaka upeze ina, palibe akuthamangitse."

"Akuti ndine wofufuta magazi a odwala, asisi. Dzina langa."

"Dzina limachapika. Amayi akanakhala moyo akanakuuza zomwezi."

Apo ndiye Mzime anapsa mtima. Amayi awo anali munthu woti ukabwera ndi pensulo ya mnzako ankakubweza nayo kusukulu dzuwa likuswa mtengo. Kuwadzutsa kumanda kuti adzachitire umboni bodza kunamunyansa kuposa zonse. Anafuna kuyankha, koma mkulu wake anapitiriza kulankhula, za ana, za lendi, za matenda a shuga a alamu, mawu ambirimbiri osapumira. Ndipo ali m'kati momvetsera, anazindikira kuti mkulu wake, munthu wosakonda kucheza pa foni, sakufuna kuti foniyi ithe.

Anaidula. Anakwera masitepe awiriawiri.

M'chipinda cha akatswiri munali bata. Alamu anali pa mpando wawo, kumaso kouma, kosasamba, akulemba imelo. Pa sikirini ya Mzime, pansi pa mzere uja wa read umene unadikira masiku atatu, panali mzere watsopano wonena kuti purosesi yaphedwa. Anafunsanso seva za 4127. Seva inati kulibe purosesi yotero. Fayilo ija inapita nayo limodzi, chifukwa panalibenso woigwira. Wotchi inkati 19 minitsi kuti ikwane 12. Alamu sanadikire n'komwe nthawi yozimitsa seva.

Mzime anatembenuka kuwayang'ana. Iwo sanadzutse mutu. Zala zawo zinkayenda pa kiyibodi bwinobwino, osanjenjemera.

Pa 2 koloko analowa mu ofesi ya amanejala. Munali mipando itatu, ndipo wachitatuwo unali wa alamu, poti katswiri wamkulu ndiye amatanthauzira amanejala zinthu za makina. Mzime sanabweretse lipoti. Anaika foni pa tebulo, anasonyeza zithunzi zitatu zija, n'kufotokoza zonse mwadongosolo, za kholo ndi mwana, za fayilo yofufutidwa, za dzina m'kachikwama.

Amanejala anatsitsa magalasi n'kuyang'ana zithunzizo nthawi yaitali. Sanali munthu wa makina, anali munthu wa makontirakiti ndi mafoni a madokotala okwiya.

"Purosesi imeneyi ili kuti tsopano?"

"Yaphedwa, bwana. Isanakwane 12."

"Ndi ndani?"

"Ndi iwo."

"Umboni ulipo?"

"Unali womwewo."

Amanejala anapumira m'mwamba. Anakankhira foni ija kwa alamu.

"Inu ndinu katswiri. Ndiuzeni chinthu chimodzi chokha. Zimene zili pa chithunzi apazi, munthu angathe kuzilemba yekha pa sikirini n'kuzijambula?"

Mzime anawayang'ana alamu ake. Mpaka nthawi imeneyo, kachinthu kena kopusa mumtima mwake kankayembekezabe. Alamu anatenga foni, anakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, anachiyang'ana mosamala ngati akuchiona koyamba.

"Inde, bwana," anatero mwaulemu. "Zimatheka. Aliyense wodziwa ntchitoyi angathe. Ndipo mlamu wangayu ntchito amaidziwa, ndinamuphunzitsa ndekha."

Sananame ngakhale liwu limodzi, ndipo n'chimene chinamupweteka Mzime koposa.

Amanejala anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo. Nkhope yawo sinali yokwiya, inali ya munthu wokhumudwa.

"Mwana iwe," anatero, "kulakwitsa ndikanakukhululukira. Koma bambo awa akhala akulowa muno kuyambira Lachisanu kudzakupepesera. Lero m'mawa amandipempha kuti ndisakulembe kuti wachotsedwa, ndilembe kuti wasiya wekha. Ndiye iwe ubwere ndi zithunzi zowanamizira? Munthu wokusunga m'nyumba mwake?"



"Ine ndikanakonda kusintha maganizo," anapitiriza amanejala, akutulutsa pepala m'kabati, "koma ndinawalonjeza kale, ndipo ndichita chifukwa cha iwo. Saina apa kuti wasiya wekha. Ndipo usanatuluke muno, uwapepese alamu ako."

Cholembera chinali pa tebulo. Alamu anachitola n'kumupatsira ndi manja awiri.

"Zisiyeni zopepesazo, bwana," anatero mofatsa. "Ndi mwana wathu. Tikakambirana kunyumba."